Mkamwini Amene Sanadikire Chala

Kuseri kwa nyumba ya a Eveles, m'mudzi wina kunsi kwa phiri la Michesi, kuli kamzere ka nthaka kamene sikanalawe khasu kwa zaka zambirimbiri. Mbali iyi chimanga, mbali iyo nandolo, koma pakatipo pali see, ngati pakhonde pozira kumene. Ku Phalombe kuno, kumene abale amasiya kulankhulana chifukwa cha mzere umodzi wa m'malire, kusiya malo otere osadzalapo kanthu ndi nkhani yaikulu, ndipo a Eveles sanatope nayo kuinena. Mwini kamzereko anali mlamu wawo, a Stafford, amuna a akulu awo a Eneless. Pamenepo ndi pamene a Stafford ankaphunzitsira ana a m'mudzimo masewero a kiriketi.

Kunena kuti mwini n'kungowakometsera. A Stafford anali mkamwini. Kwawo kunali ku Chiwalo, kuno anabwera kudzakwatira, ndipo munda, mitengo ya mango, ngakhale dothi limene anaumbira njerwa za nyumba yawo, zonse zinali za mbumba ya akazi awo. Mkamwini amakhala pamudzi chifukwa cha mkazi ndi ana. Ana awo awiri anamwalira ali makanda, ndipo chaka chatha, anthu atangomaliza kukolola, a Eneless nawo anatsikira kulichete. Funso linali limodzi mumtima mwa aliyense, ngakhale panalibe wolinena mokweza: kodi nkhalamba ija itsala, kapena ibwerera kwawo?

A Eveles anayamba kuwaona a Stafford iwo akadali kamtsikana kotumidwa kumadzi. Kunabwera mnyamata wamtali, woonda, wovala nsapato zoyera m'nyengo ya matope, ndipo mudzi wonse unagwirizana kuti mutu wake suli bwino. Nthawi imeneyo ankagwira ntchito pa esiteti ina ya tiyi ku Mulanje. Sanali wothyola tiyi ayi, anali wosamala bwalo la azungu: kutchetcha udzu, kuthirira, ndi kukoka chigudumu chachitsulo kuti pakati pa bwalo pasalale. Madzulo mabwana akafuna kuyeserera ankasowa wowaponyera mpira, ndiye ankangokodola mnyamata wa pabwalo uja.

Mpira wa kiriketi ndi wachikopa, wofiira, wouma gwa. Ukakupeza pamsongolo umaitana amako ngakhale uli ndi ndevu. Woponya amathamanga n'kuuponya kuti ugwetse timitengo titatu tozikidwa pansi, ndipo wina amaima kutsogolo kwa timitengoto ndi thabwa kuti aumenye. A Stafford anakulira kugenda mbalame m'minda ya mpunga, choncho dzanja linali lolunjika kale. Azungu anangowaphunzitsa kuwongola chigongono, ndipo pasanathe chaka anayamba kudandaula kuti mnyamatayu akuwachititsa manyazi pamaso pa akazi awo.

Loweruka lina timu ya paesiteti inaperewera munthu, wina atagwa malungo. Anawabwereka a Stafford thalauza loyera lalikulu, limene anachita kumanga ndi chingwe m'chiuno. Tsiku limenelo timitengo ta alendo ochokera ku Limbe tinagwa ngati mapesi, ndipo kuyambira pamenepo dzina lawo silinachokenso pa timu. Anayenda nawo ku Blantyre, ku Zomba, ku Thyolo, iwo kumbuyo kwa lole pamodzi ndi zikwama, anzawo m'magalimoto. Pabwalo ankawaombera m'manja. Nthawi ya tiyi ikakwana, kapu yawo ankawapatsira kuseri kwa khitchini. Zinthu zinali choncho masiku amenewo, ndipo zinali zoipa, ngakhale a Stafford ankazifotokoza akuseka. A Eveles ndiwo ankapsa mtima m'malo mwawo.

M'chipinda chovalira cha paesitetipo munali chithunzi chakale chofiirira, cha mzungu wa ndevu zofika pachifuwa, atavala kachipewa kosakwana mutu. Anali agogo ake a bwana wamkulu, ndipo ankati anasewera m'matimu akuluakulu ku Mangalande m'zaka za m'ma 1800, kuno kusanabwere ngakhale njanji. Kupukuta chithunzicho inali ntchito ya a Stafford. Za munthuyo anamva chinthu chimodzi chokha, chifukwa bwana uja ankachibwereza akangomwa pang'ono. Pa kiriketi woweruza alibe wezulo, amangokweza chala, ndipo chala chikakwera ndiye kuti watuluka. Koma wandevu uja, mpira ukangokhudza thabwa lake n'kuwakhidwa, ankanyamuka yekha n'kumapita, osadikira chala, ngakhale kuti wina aliyense sanamve. Munthu weniweni, ankatero bwanayo, amadziwa yekha kuti nthawi yake yatha.

A Stafford anachigwira chiphunzitso chimenechi kuposa katekisimu. Tsiku lina ku Zomba, masewero atafika pothina, mpira unangopsopsona thabwa lawo. Woweruza sanamve, adani sanamve. Iwo anaika thabwa m'khwapa n'kumatuluka, ndipo timu yawo inagonja. Bwana yemwe uja, mlaliki wa chilungamo cha agogo ake, anatha sabata osawayankha moni.

Kenaka phewa linayamba kukana, esiteti inapita m'manja mwa ena, ndipo eni atsopanowo anaimika zigoli za mpira wamiyendo pabwalo lija. A Stafford anabwerera kumudzi ndi thabwa limodzi long'aluka, mpira umodzi wosupuka, ndi nsapato zija. Anayesa kulima ngati anzawo, koma a Eneless ankawaona m'mene ankaimira pakati pa munda, atagwira chibuma m'dzanja, akuchitembenuza ndi zala. Tsiku lina anawadulira okha kamzere pakati pa munda wawo. Mlongo wawo a Howard, amene ndiwo mwinimbumba, atafunsa ngati m'nyumbamo mwalowa misala, a Eneless sanataye mawu ambiri.

"Munda ndi wanga, achimwene. Ife ana athu tinaika m'manda. Ngati bambowa akufuna kudzalapo ana a eni, alekeni adzale."

A Stafford anatuta dothi la pachulu panjinga, ndowa ndi ndowa. Chigudumu anapanga podzaza simenti m'chigubu chakale. Mathabwa ankasema a mtengo wa malaina, mipira ankagula ya tenesi ku Migowi n'kuikulunga ndi tepi. Napolo atatsika m'phiri mu 1991 n'kukwirira kamzereko ndi miyala, a Stafford anayamba kutola miyalayo asanakonze ngakhale khitchini yawo imene inagwa. Ana anabwera, makamaka atsikana, ndipo mmodzi mpaka anakasewera ku Blantyre n'kubwerako ndi malaya a timu. Woweruza anali a Eneless. Ankaima ndi chitenje chawo, nthawi zina akusenda nandolo m'lichero, malamulo akudziwa theka lokha, koma chala chawo chikakwera panalibe mwana wotsutsa.

Ndipo zaka zonsezi a Eveles sanawapatse mpumulo alamu awo. Chilamu n'chotero, koma iwo ankaonjeza tsabola.

"Alamu, chaka chino mwakolola matumba angati pamunda wanu uja?"

"Zikucha, alamu, zikucha."

"Zikacha mutiitane tidzakuthandizeni kututa. Ine ndibwera ndi sipuni."

Dzuwa likawala ankayanika dala makaka awo pakamzerepo, chifukwa m'mudzi monse munalibe malo ena osalala chotero. A Stafford ankabwera, n'kunyamula mphasa ya makakayo mwaulemu wonse, kuika pambali, n'kubapo kamodzi kotafuna. Akadwala a Stafford, woyamba kufika ndi thobwa anali a Eveles omwewo, akunena kuti abwera kudzaona ngati malo aja atsala pang'ono kumasuka. Ankawakonda munthuyu. Sanawauzepo, chifukwa zoterezi mlamu sauzidwa, koma ankawakonda ngati mlongo wobadwa naye bere limodzi.

Tsiku la maliro a a Eneless, anyamata okhoma tenti anafika kuseri n'kuima, zikhomo zili m'manja. Malo abwino anali amodzi okha, koma onsewo anakulira pakamzerepo ndipo ankadziwa kuti sipaponda ngakhale mbuzi. A Stafford anatuluka pasiwa, maso ali psu.

"Khomani," anatero. "Mayiwa atulukire pompano."

Atatha maliro, a Howard anaitana mbumba yonse kunyumba kwawo. Nkhani inali yosudzula. Mwambo wake ngwakuti pakapita nthawi, ankhoswe a mbali zonse amakhala pansi, wamasiye amamasulidwa, n'kuuzidwa ngati atsale kapena atenge zake azipita. Kukambirana sikunatenge nthawi. Munthu wakalambira pamudzi pano, anatero onse, apite kuti? Akhale, nyumba ndi yake, kamzere kake nakonso kakhale. Koma a Howard ndi munthu wa ndondomeko. Mawu otere, anatero, sanenedwa pamsewu ngati mtengo wa tomato. Ayenera kudikira tsiku lake, ankhoswe a ku Chiwalo ali pomwepo, kuti asadzati tinawadumpha. Aliyense atseke pakamwa mpaka tsikulo.

Kubisa nkhani yabwino n'kovuta kuposa kubisa yoipa. Anthu ankaopa kuti akakhala pafupi ndi a Stafford ziwapulumuka, ndiye anayamba kuwalambalala. Akawapeza akucheza, nkhani inkaduka. Ana analetsedwa kusewera kuseri, chifukwa pakhomo pa maliro sipafuna phokoso. Ndipo a Eveles, pofuna kuchita bwino, anachita choipa koposa onse: analeka kuwanyoza. Wamasiye ungamuseke bwanji? Ankabwera ndi chakudya m'mbale zovundikira, kugwada pakhomo, n'kunena motsitsa kuti, "Bambo, kachakudya aka." Bambo! Munthu amene kwa zaka zoposa makumi asanu anamutchula alamu a nsapato zoyera, alamu olima mphepo. A Stafford ankalandira mbalezo ndi manja awiri, n'kuwayang'ana nthawi yaitali. A Eveles ankaganiza kuti ndi chisoni cha maliro.

M'mawa wina, tsiku losudzula lisanafike, a Eveles anapita ndi phala n'kupeza chitseko chili chotseka, kiyi ali pabowo. M'nyumba zonse zinali m'malo mwake: mapoto a a Eneless, mipando, wailesi, khasu. Panalibe chikwama chimodzi chokha ndi nsapato zija. Atazungulira kuseri anapeza kamzere kali kosesa, ndipo mabowo onse a zikhomo za tenti anali atamatidwa ndi dothi la pachulu, likadali lonyowa.

Mayi wina wochokera kunkhuni ndiye ananena kuti wawaona pa kabaza, akulowera ku Migowi.

"Ndinawafunsa kuti anganga, ulendo wa kuti m'mawa uno? Iwo akuti, 'Ndaumva ndekha kuti wakhudza.' Ine sindinamve kuti akutanthauza chiyani."

A Eveles anamva. Anakhala pansi pomwepo, mbale ya phala ili pamiyendo. Nkhani ya wandevu uja anaimva kambirimbiri mpaka inkawatopetsa, koma sanaganizepo kuti tsiku lina munthu adzaitenga n'kuigwiritsa ntchito pa iwo. Nkhalamba inaona anthu akuithawa, inamva ikutchedwa bambo, n'kuganiza kuti mlandu watha kale ndipo abale akungosowa poyambira. Ndiye inawachotsera manyazi, n'kutuluka yokha isanauzidwe.

A Howard atamva anapukusa mutu. "Palibe chaonongeka. Ankhoswe abwera nawo pa tsiku lake, tidzawauza bwinobwino."

"Tsiku lanulo mulidye ndi mchere," anatero a Eveles. "Munthu uja sabweranso. Mukumudziwa inu? Akatuluka watuluka."

"Ndiye inu mukanena mawu a mbumba panokha? Mzimayi, popanda ankhoswe?"

"Mudzandilipitse nkhuku."

Anamanga chitenje, kukwera kabaza mpaka ku Migowi, kenaka njinga yamoto imene inawagwedeza mafupa onse mpaka ku Chiwalo. Anachita kufunsa katatu konse, chifukwa dzina la Stafford anthu a kumeneko sankalidziwa. Amene anawalozera njira anali nkhalamba ina imene inakumbukira dzina lawo la ubwana.

Anawapeza pakhonde pa nyumba ya Bertha, mdzukulu wa malemu mlongo wa a Stafford. A Stafford anali atalandiridwa bwino, palibe anganene zoipa. Anawapatsa mpando wokhawo wa m'nyumbamo, anawaphera nkhuku, madzi akumwa anali m'kapu ya alendo. Ndipo chimene chinawawawa a Eveles n'chomwecho. A Stafford anakhala pampandopo mowongoka, manja pamaondo, chikwama chili pambali pawo chosatsegula. Ana ankawasuzumira pakona pa nyumba n'kuthawa.

Bertha anawatengera a Eveles kuseri n'kuwanong'oneza. "Mwachita bwino kubwera, amayi. Ife sitikuwakana, ndi magazi athu. Koma sitikuwadziwa. Amadya chiyani? Amadwala chiyani? Ndawafunsa kuti tiwamangire pati kanyumba, angoti paliponse."

A Eveles anabwerera pakhonde. Sanagwade. Anaima patsogolo pa alamu awo, manja m'chiuno.

"Inu alamu, mutu uja unakana kuchira mpaka ukalamba? Munthu wamkulu kuthawa pamudzi ngati wakuba nkhuku!"

Nkhope ya a Stafford inamasuka pang'onopang'ono. "Mwabwera, alamu."

"Ndabwera, ndipo msana wanga mulipira. Ndani anakuuzani kuti muzipita?"

"Palibe. Zoterezi sudikira kuuzidwa. Ndinaona a Howard akuvutika kundiyang'ana. Ana analeka kubwera. Inunso munayamba kundigwadira." Anagwira chikwama chija. "Tsiku limene munanditchula bambo ndinadziwa kuti ndasanduka mlendo. Ndinati ndisawavutitse anthu abwinowa, anandisunga zaka zambiri."

A Eveles anakhala pansi pa khondepo. Anapukuta maso ndi nsonga ya chitenje, mokalipa, ngati misoziyo yawalakwira.

"Tinagwirizana kalekale kuti mukhale. Tonse, a Howard omwe. Timangodikira tsiku la ankhoswe kuti tikuuzeni mwaulemu. Ulemuwo ndi umene watipusitsa. Mwamva tsopano, ndanena ine, pamsewu, popanda ankhoswe. Tiyeni kwathu."

A Stafford anayang'ana nsapato zawo. Kenaka anapukusa mutu.

"Mukundimvera chisoni, alamu, ndipo zikomo. Koma mukandisunga zaka zingati? Ziwiri, zitatu? Kenaka mudzavutika kubwereka galimoto, kunditengera konkuno. Mkamwini amagona kwawo. Kuli bwino ndibwere ndi miyendo yanga, anawa andizolowere, kuti tsikulo padzapezeke wolira ngakhale mmodzi."

Apa a Eveles anazindikira kuti nkhani sinali ya nyumba kapena ya munda. Panali chinthu china chimene sanauze aliyense, ngakhale a Howard anachimva mochedwa, dzenje litakumbidwa kale, n'kungoti kukamwa yasa. Sanafune kuchinena munthu ali moyo, chifukwa si zonena. Koma anaona kuti akachisunga, abwerera okha.

"Mvetserani, alamu. Tsiku lija adzukulu akupita kukakumba manda a achemwali, ine ndinamuitanira pambali mkulu wawo. Ndinamuuza kuti asakumbe pothina paja pafupi ndi amayi. Ndinati asunthe, apite kumene kuli malo, ndipo pambali pake asiyepo pa munthu mmodzi. Anandifunsa kuti pa ndani, pa inu? Ndinati ayi, ine ndidzagona kwa amayi. Pamenepo ndi pa mwamuna wake."

A Stafford anadzutsa mutu.

"Kumanda kwathu sikunagonepo mkamwini, mukudziwa inu," anapitiriza a Eveles. "Mudzakhala woyamba. Galimoto yobwera kuno palibe adzabwereke. Ndiye musandichititse manyazi kwa adzukulu, malo ndinasungitsa."

Nkhuku zinkapalasa pabwalo. Bertha anali ataima pakhomo, dzanja pakamwa. Nkhalamba ija inafunsa motsitsa.

"Mbali iti?"

"Chiyani?"

"Malowo. Ali mbali iti ya mayi aja?"

A Eveles anaganiza pang'ono, akuyeza ndi manja awo. "Kumanzere kwawo."

A Stafford anaphimba nkhope ndi zikhatho, ndipo mapewa awo oonda aja anagwedezeka. Pa maliro sanalire pagulu, koma apa analira ngati mwana, ana a eni akuonerera.

"Ndi kumene ndinkagona," anatero.

Bertha analowa m'nyumba kukakulunga nkhuku yotsala ija kuti adye panjira.